Chule wa a Wartena ndi Nkhono ya Mayi Nijdam

Ku khonsolo ya tauni yathu ya Veenzande ndinagwirako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikupereka zilolezo zodulira mitengo. Za achule ndinkangodziwa kuti amalira mvula ikagwa. Za nkhono ndinkadziwa kuti zimadya letesi wa mkazi wanga. Maphunziro amenewa ndi omwe anandiyenereza, pamaso pa khansala Folkert Hiemstra, kukhala woweruza mlandu wa Kunjerwa.

Kunjerwa ndi kuseri kwa siteshoni ya sitima, pamene panali fakitale youmba njerwa yomwe inatsekedwa ine ndili mwana. Chakumtunda kwake ndi mchenga wokhawokha ndi tizithaphwi, chakumunsi ndi dambo la mlulu wofika m'chiuno. A Hiemstra, amene ankayang'anira misewu ndi chitukuko, ankafuna kuthira phula malo onsewo kuti pakhale poimika magalimoto mazana anayi. Anali atalonjeza kale pa kampeni, ndipo chithunzi chake, chokhala ndi timitengo ndi anthu osekerera, chinali pakhoma mu ofesi mwawo.

Tsiku lina anandiitana.

"Siebren, khala pansi. Khofi?"

"Ndamwa kale, bwana."

"Umwanso." Anandikankhira kapu ndi makalata awiri. "Iyi yachokera kwa Hidde Wartena, dokotala wa mano uja. Akuti kumchenga kuli chule wotetezedwa ndi lamulo. Iyi ndi ya Geeske Nijdam. Akuti kudambo kuli nkhono yotetezedwanso. Zaka makumi anayi malo aja anthu akutayako matilesi, palibe anaonako kanthu. Ine ndangoti phula, zamoyo zonse za m'chingalawa cha Nowa zatulukira."

Loya wa khonsolo anali atawauza kuti malo onse sangamange, koma akasiyira theka chamoyo chimene chili pangozi kwambiri, akuluakulu a kuchigawo akhoza kulola theka linalo.

"Ndiye undilembere lipoti," anatero. "Tsamba limodzi, mizere itatu. N'chiyani, chimakhala pati, chatsala pang'ono bwanji kutha. Chule uku, nkhono uku."

"Koma bwana, ine za nyama sindidziwa."

"N'chifukwa chake ndakusankha. Odziwa amakhala ndi maganizo."

Ndinayamba ndi a Wartena, amene nyumba yawo inachita malire ndi mchenga wa Kunjerwa. Anapuma ntchito kalekale, koma ukamayankhula nawo amakuyang'anabe m'kamwa. Ananditengera pa chithaphwi china, n'kutembenuza chidutswa cha njerwa. Pansi pake panali chule wamng'ono wotuwa, wa mzere wachikasu pamsana. Sanalumphe. Anathamanga ngati mbewa n'kukalowa kuuna.

"Mwamuona? Lembani, Bambo Algra. Choyamba, ali ndi fupa la msana, ngati inu ndi ine. Ali ndi mtima, mapapo, maso, zala. Amayamba moyo m'madzi, amaumalizira pamtunda. Ameneyu ndi m'bale wathu, ngakhale wakutali. Nanga nkhono n'chiyani? Mamina ovala chipewa."

"Zimenezo ndilembenso?"

"Lembani. Chachiwiri, safuna zambiri. Mchenga wopanda udzu woti akumbe, ndi madzi osaya amene dzuwa limawafunditsa, oti chilimwe aziuma kuti nsomba zisakhalemo. Udzu ndi mdani wake. Dambo lijali mukanangolimweta lonse."

Ndinali nditawerengako pang'ono dzulo lake, choncho ndinafunsa ngati zinali zoona kuti kumayiko a kumwera achule amenewa alipo ambiri, moti pa mndandanda wa dziko lonse wa zamoyo zomwe zikutha ali m'gulu la zosadetsa nkhawa.

Nkhope inawafiira. "Kumwera kulinso mphesa ndi dzuwa. Ife tili ku Veenzande. Kuno lamulo limati ukangomugwira walakwa. Ndipo dzino lanu lakumanzerelo mukalionetse."

Mayi Nijdam ndinawapeza m'dambo, atavala nsapato za mphira zofika m'ntchafu. Iwowa anali mzamba zaka makumi anayi. Theka la Veenzande linabadwira m'manja mwawo, kuphatikizapo ana anga awiri, ndiye aliyense amamuyankhula ngati anamuona ali maliseche. Anatchera thireyi yoyera pansi pa mlulu n'kuugwedeza ndi kamtengo.

"Ona," anatero.

"Ndikuona fumbi, amayi."

Anandipatsa galasi lokulitsa zinthu. Fumbi lina linali ndi chigoba chabulauni chonyezimira, chochepa ngati njere ya chitowe, ndipo linatulutsa tinyanga n'kuyamba ulendo.

"A Wartena akuti ilibe fupa la msana," ndinatero.

"A Hiemstra nawonso akuti ali nalo. Lawathandiza chiyani? Mtundu wa nkhono unalipo padziko achule asanaganize n'komwe zotuluka m'madzi. Ndipo lemba ichi: iliyonse ndi mwamuna ndiponso mkazi. Ikasowa inzake imabereka yokha. Ine ndatolapo amuna angati atakomoka m'chipinda choberekera? Iyi ilibe womutola."

Anandifotokozera kuti nkhonoyo imakwera masamba a mlulu n'kumadya chuku, ndipo imafuna nthaka yonyowa chaka chonse, madzi ali pafupi ndi pamwamba. Ukamweta mlulu, yatha. Madzi akatsika pang'ono chabe n'kukhalitsa, yatha. Pa mndandanda wa dziko lonse uja inali kale m'gulu la zomwe zili pachiopsezo.

"Ndiye ukamuuze wozula manoyo kuti chule wake ndi lova wa m'maenje a anthu omanga. Yanga ikachoka pano ilibe kolowera. Ulendo wake wa chaka chonse sufika pa njinga yakoyo."

Lipoti ndinalemba, ndipo linakwanadi tsamba limodzi. Mzere woyamba ndinati chule ndi nkhono si pachibale, kupatula kuti onse ndi nyama. Wachiwiri ndinati chimene chule amachitcha kwawo, nkhono imachitcha manda, ndipo nkhono ikakhala pabwino chule amasamuka. Wachitatu ndinati nkhono ili pangozi kwambiri padziko lonse, koma chule ndiye lamulo limamugwira mwamphamvu.

A Hiemstra anawerenga kawiri. "Wapambana ndani?"

"Palibe, bwana."

"Siebren, ndinakutuma kukaweruza, iwe wabwera ndi ukwati."

Anaganiza okha njira ina. Mu Juni kudzabwera katswiri wa ku yunivesite kudzawerenga zamoyo zonse ziwiri, ndipo chimene chidzapezeke chochepa ndicho chidzasiyidwe ndi malo ake. Nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu inalemba zimenezi, ndipo Veenzande inagawikana.

Sindinaonepo anthu akunyadira umphawi ngati chaka chimenecho. Wophika buledi wa pa msika anayamba kugulitsa mabanzi opiringiza ngati nkhono, mnzake wa kuseri kwa tchalitchi anayankha ndi makeke a mzere wachikasu. Kwaya ya amuna inalephera kuimba pa Pasaka chifukwa a mawu apansi onse anali a chule. Pa msonkhano wa mu holo a Wartena anaimirira n'kunena kuti chaka chatha achule analipo makumi atatu, koma pano atsala khumi ndi awiri.

"Khumi ndi awiri!" anakuwa Mayi Nijdam ali kumbuyo. "Ndiye ndi chipani chimenecho. Zanga zatsala zisanu ndi ziwiri, ndipo imodzi sikudya bwino."

"Mwaipima kutentha thupi, amayi?"

"Iwe Hidde, ndinabereketsa mkazi wako iwe ukulira pakhonde. Usandiyambe."

Anthu anawomba m'manja mbali zonse. A Hiemstra anali kutsogolo akumwetulira ngati mwini ng'ombe ziwiri zomwe zikuchita mpikisano wokoka ngolo yake.

Loweruka lina m'mawa, kumapeto kwa Meyi, ndinadutsa Kunjerwa panjinga popita kukagula nsomba. Ndinaona munthu atagwada pa chithaphwi, m'manja muli sefa wa kukhitchini, pambali pali ndowa. Anali a Wartena. M'ndowamo munali bii ndi mbululu.

"Mwadzuka bwanji, adokotala?"

Anadzidzimuka mpaka sefa anagwera m'madzi. Atayang'ana uku ndi uku anandikoka dzanja kupita kuseri kwa nyumba yawo. Kapinga yense anali atamuzula, n'kuthira mchenga, n'kukumba tizithaphwi titatu, n'kuzunguliza matabwa. Pansi pa mathailosi akale panali achule osawerengeka.

"Ndikungowasungira," ananong'ona. "Katswiri uja akapeza ochepa, tapambana, kenako ndiwabwezera. Mayi uja akunama poyera, thireyi imodzi imagwa nkhono zana. Ine ndingokhala?"

"Paja munati ukangomugwira walakwa."

"Ameneyo ndi munthu wamba. Ine ndi wapampando wa bungwe loteteza achule." Anandiyang'ana m'maso, koyamba chidziwireni. "Mulemba?"

Ndinaganiza za lipoti langa. Linali ndi mizere itatu, ndipo panalibe mzere wa ndowa. Ndinapita kukagula nsomba.

Katswiri uja, Dokotala Marloes ter Haar, anali mayi wachitsikana wosakonda kucheza. Anakhala masiku atatu. M'dambo Mayi Nijdam ankamutsata pambuyo n'kumati, "Iyo mwaiwerenga kale, mwana wanga, yangozungulira tsamba." Iye ankangolemba. Kumchenga anatembenuza njerwa iliyonse, anasefa chithaphwi chilichonse, anatcherako makina ojambula mawu. A Wartena anaima patali manja ali kumbuyo, akuoneka achisoni monga zinayenera.

Zotsatira anaziwerenga mu ofesi ya a Hiemstra, tonse tilipo. Nkhono zinalipo pafupifupi zikwi makumi anayi. Mayi Nijdam anagwira pachifuwa ngati awanenera zamanyazi.

"Nanga achule?" anafunsa a Wartena, kumwetulira kukuwatuluka kale.

"Palibe."

"Mukutanthauza kuti ndi ochepa zedi."

"Ndikutanthauza kuti palibe. Ngakhale dzira limodzi. Mwina analipo kale, koma pano kumchenga kulibe choteteza."

"Koma ochepa ndiye opambana! Palibe n'chochepa kuposa zikwi makumi anayi!"

"Adokotala," anatero a Hiemstra mokoma mtima, "khonsolo singasungire malo munthu amene kulibe."

A Wartena anandiyang'ana. Akanaulula, kunali kukhoti, ndi upampando womwe ukanatha. Anali atachita changu pokokolola, osasiyako ngakhale awiri a umboni. Anatuluka osatsanzika. Mawa lake Mayi Nijdam anabweretsa keke ya maapozi ku ofesi, ndipo chidutswa chachikulu anapatsa ine.

Ntchito inayamba mu Malichi chaka chotsatira. Makatapila anapala mchenga wonse, magalimoto akuluakulu anasiya mikwasa yozama ya matayala paliponse. Kuti akwirire mapaipi a madzi a mvula anayenera kuumitsa nthaka kaye, choncho anaika mapampu anayi amene anagwira ntchito masabata asanu ndi awiri osapuma. Dambo analizunguliza mpanda wokongola ndi chikwangwani choti "Malo Otetezedwa".

Sabata yachitatu Mayi Nijdam anabwera ku ofesi nsapato zawo zili zouma.

"Siebren, madzi akutsika. Ndikuyenda m'dambo ngati pa msewu. Zimitsani zinthu zija."

Ndinawapatsa fomu yodandaulira, anadzaza, ndinaipititsa kwa a Hiemstra tsiku lomwelo. Iwo anaipititsa ku komiti, ndipo komiti imakumana kamodzi pamwezi. Mayi Nijdam anabweranso kawiri. Ulendo wachitatu sanakuwe, anangokhala pampando wa alendo chipewa chili pamiyendo. Yankho litabwera linati mapampu onse ali kutheka la kumtunda, ndipo kutheka lotetezedwa palibe wapondako.

"Madzi anawerenga mapu anuwo?" anandifunsa.

Ndinawaperekeza mpaka panja, ndipo ndinaona kuti akalamba.

Mapampu anazima kumayambiriro kwa Meyi, ndipo sabata yomweyo kunagwa mvula ya masiku anayi. Mikwasa yonse ya matayala inadzaza madzi osaya, ofunda, pa mchenga wopanda ngakhale kaudzu. A Wartena amalumbira mpaka lero kuti thabwa la mpanda wawo linagwa ndi mphepo. Lolemba kapitawo wa ntchito anapeza mikanda ya mazira m'chithaphwi chilichonse, kuyambira pageti mpaka pansi pa katapila. Asanaganize chochita, oyendera a kuchigawo anali atafika kale, chifukwa wina anawaimbira foni chakuma seveni.

Ntchito inaima. Dokotala Ter Haar anabweranso, ndipo ulendo uno anapeza achule mazana atatu ndi mbululu zoti sakanatha kuwerenga. Analemba kuti malowo ndi abwino kwa achule kuposa ena onse m'chigawo chathu, ndipo anayamikira khonsolo powakonza. Kenako anatsikira kudambo. Anagwedeza mlulu wouma masiku awiri, ndipo m'thireyi munkangogwa zigoba zopanda kanthu.

Ndinkaganiza kuti a Hiemstra ndiwapeza akulira. Ndinawapeza atavula jekete, atayala mapu patebulo.

"Siebren, tandiwerengere bwino. Kumtunda kuli chule, sitingamange."

"Inde, bwana."

"Kumunsi kuli chiyani?"

"Kunali nkhono."

"Sindinafunse zakale."

Anatembenuza mapu, kumunsi kukhala kumtunda, ndipo magalimoto mazana awiri anakwanamo bwinobwino. Nthaka inali itauma kale, moti sipanafunikenso mapampu. Akuluakulu a kuchigawo anavomera m'masabata asanu ndi limodzi, zimene sizinachitikepo.

Malowo anatsegulidwa mwezi umodzi chisankho chisanachitike, ndipo anawatcha Poimika Magalimoto pa Nkhono. Pakhomo pake anaimikapo chiboliboli cha mkuwa cha nkhono, chotalika kuposa munthu, chimene mmisiri anachipanga poonera nkhono ya m'dimba mwake chifukwa yeniyeniyo sankaiona bwino pachithunzi. A Hiemstra anayankhula za udindo wathu kwa zolengedwa zazing'ono. A Wartena anawaveka mendulo chifukwa chosataya mtima pa chule pamene akatswiri anali atamulemba kuti anatha. Kwaya inaimba yonse, a mawu apansi omwe. Ine anandikweza kukhala mkulu wa ofesi yatsopano ya zachilengedwe, poti ndinali ndi luso lodziwika.

Mayi Nijdam sanabwere. A Wartena anapita kwawo madzulo ake atanyamula maluwa, mendulo atabisa m'thumba, n'kuwaululira zonse za ndowa ali pakhomo. Ndinamva kwa a Wartena eni ake kuti mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, analandira maluwawo, n'kunena kuti, "Zikomo, Hidde. Ine ndinanama ndi pakamwa, iwe unanama ndi manja, ndipo wa manja ndiye amapatsidwa mendulo." Kenako anatseka chitseko. Pamsika amapatsana moni, koma sakhalitsa.

Chisankho a Hiemstra anapambana. Poimika magalimotopo pamadzaza Loweruka lokha.

Mu Seputembala chaka chinacho Mayi Nijdam anandiimbira foni kunyumba, osati ku ofesi. Anati ndibwere ndi nsapato zoti sindizikonda. Ndinawapeza pa geti la manda akale a kumpoto kwa tauni, kumene anasiya kuikako anthu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Tinazungulira mpanda, tinadutsa m'khwisa amene anandiwotcha manja, mpaka tinafika pa kangalande koiwalika, kotalika ngati basi imodzi, kodzaza mlulu. Phazi langa linamira mpaka m'kakolo.

"Ndayenda ngalande iliyonse ya boma lino," anatero. "Chaka ndi theka. Bondo ili latha ntchito."

Anagwedeza mlulu pang'onopang'ono, ngati akudzutsa khanda, n'kundipatsa galasi. Panatenga nthawi kuti ndizione. Kenako chimodzi chinatulutsa tinyanga.

"Munazibweretsa ndinu?" ndinafunsa.

"Ine si Hidde. Zinali pompano nthawi yonseyi, palibe anazifunsa." Anandiyang'ana. "Tsopano ndiwe bwana wa zachilengedwe. Uchita chiyani?"

"Mukadzaza fomu, amayi, malo ano akhoza kutetezedwa. Mpanda, chikwangwani, komiti."

"Ndiye?"

"Ofesi yanga imadziwa zokhazo zimene zabwera pa fomu."

"Fomu sindidzaza."

"Ndiye ine ndabwera kudzaona manda a agogo anga."

"Agogo ako ali ku Groningen, wabodza iwe. Werenga."

Ndinawerenga n'kupeza khumi ndi imodzi. Iwo anapeza khumi ndi ziwiri, n'kunena kuti maso anga ndi a m'ofesi. Tinabwereza, koma zina zinali zitakwawira kale kunsi kwa katsamba komwe kanagwera m'thireyimo, ndiye tinapeza zisanu ndi zinayi. Tinakangana pang'ono, mvula n'kuyamba kuwaza. Pomaliza tinagwirizana kuti zilipo. Anazibwezera pa mlulu imodziimodzi ndi kansonga ka tsamba, ndipo ine ndinawagwira mkono potuluka m'matopemo.